Mabomba a mizinga: ochuluka koma okayikitsa, kapena ochepa koma odalirika?

Mphunzitsi wa Mbiri:
Akuluakulu a pagulu lino, ndabwera ndi nkhani yomwe yandizunguza mutu sabata yonseyi. Ndimakonza phunziro la nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiye nditafika pa nkhondo ya ku Somme, ku France, mu 1916, ndinalephera kupitirira. Kuyambira pa 24 Juni, mizinga ya Britain inalira usana ndi usiku kwa sabata yathunthu. Anaponya mabomba oposa 1.5 miliyoni kuti adule waya waminga ndi kugumula mapanga omwe Ajeremani anakumba pansi. Anyamata anawatsimikizira kuti tsidyalo sikukhala wotsala. Pa 1 Julayi m'mawa atatuluka m'ngalande zawo, anakapeza waya ali chilili m'malo ambiri, Ajeremani akutuluka m'mapanga muja atanyamula mfuti zachiwaya. Tsiku limodzi lokhalo anafa 19,240. Kuphatikiza ovulala ndi osowa, 57,470.

Zifukwa n'zambiri, koma chomwe chandibaya mtima n'chakuti mabomba ochuluka sanaphulike n'komwe. Ankangogwa thi! m'dothi n'kukhala chete. Olemba mbiri ena amati limodzi mwa anayi, ena limodzi mwa atatu. Ndiye ndikamamva za ku Ukraine masiku ano, Russia akugula ku North Korea, Ukraine akupempha ku America ndi ku Ulaya, ndikuona ngati nkhani ndi yomweija. Ndifunse: pankhondo chabwino n'chiti, mabomba ambiri okayikitsa kapena ochepa odalirika?

Kamnyamata:
A Mphunzitsi, ine yankho ndili nalo kale. Ambiri! Taonani ku Avdiivka, kum'mawa kwa Ukraine. Tauni ija inagwa mu Febuluwale 2024 pomwe thandizo la America linali litatsakamira m'nyumba ya malamulo ya kwawo, asilikali a Ukraine akuchita kuwerenga mabomba ndi zala. Pomwe Russia inali italandira kale katundu wa ku North Korea. A ku Ukraine ankanena kuti pafupifupi theka la mabombawo ndi achabechabe. Chabwino, tivomere. Koma theka la mulu waukulu limaposa lonjezo. Pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sajeni Wopuma:
Mphwanga, wayankhula ngati munthu amene sanaimepo pafupi ndi mzinga ukulira. Sindikukunyoza ayi, ambiri amaganiza choncho. Amayesa bomba loipa ndi lomwe silinaphulike basi, ndiye wangotaya ndalama. Likanakhala vuto ndi lokhalo bwenzi ndikugwirizana nawe.

Bomba la mzinga si chinthu chimodzi. Pali chigoba chachitsulo. M'kati mwake amathiramo zophulika, kawirikawiri TNT. Kumphuno kuli fyuzi, yomwe imalamula nthawi yophulikira. Ndiye kumbuyo kumalowa onga wolikankha kuti lituluke mumpope. Zinayi zimenezi nthawi zambiri zimachokera m'mafakitale osiyana, pena m'mayiko osiyana. La 155 mm (uku n'kukula kwake m'mimba mwake) limalemera makilogalamu oposa 40 ndipo limauluka mtunda woposa makilomita 20, kukagwa pomwe woombayo sakuonapo. Iye amangokhulupirira masamu. Masamuwo amanena kuti onga wochuluka chonchi, mpope utaloza chonchi, bomba likagwa apo. Onga ukachepa pang'ono kapena ukachita chinyontho, bomba limagwera panjira. Nanga panjirapo pali ndani? Anzako omwe ukuwateteza.

Ndinaziona ndi maso anga pa maphunziro, ndili wachinyamata. Tinalandira mabokosi a mabomba a mortar (kamzinga kakang'ono komwe bomba timaliponya ndi manja kukamwa kwa mpope) ochokera kunja, zolemba zake m'chilankhulo chomwe panalibe wochiwerenga. Kunja kwa mabokosi kunali bwinobwino, penti watsopano. Oyamba awiri anapita bwino. Lachitatu, m'malo mwa kugunda kuja komwe umakumva pachifuwa, linangoti fwee, ngati munthu wotsokomola. Tonse tinaliona likukwera mwaulesi, likugwedeza mchira. Wina anakuwa kuti gonani! Linagwera kutsogolo kwathu pafupi kwambiri. Palibe anafa, koma mnzathu wina khutu lake lakumanja silinamvenso mpaka lero. Titatsegula mabokosi otsalawo tinapeza timatumba ta onga ta kumchira titauma gwaa ngati tinanyowapo kalekale n'kuumanso.

Chinachitika pambuyo pake ndiye mvetsa, mphwanga. Kwa masabata angapo aliyense ankaponya bomba mumpope dzanja likunjenjemera. Oyenda pansi ankatipempha kuti tiziombera kutali ndi iwo. Pankhondo yeniyeni, ukaombera kutali ndi anzako ndiye kuti mdani yemwe ali nawo pafupi sukumukhudza. Bomba limodzi loipa limaononga chikhulupiriro cha mabomba chikwi abwino.

Kamnyamata:
Pepani madala, za mnzanuyo zandikhudza. Koma Avdiivka inagwabe.

Sajeni Wopuma:
Inagwadi. Amene alibiretu kanthu amagonja, apo sinditsutsa. Koma ufunsenso kuti olanda tauniyo anataya ana a eni angati.

Wosula Zitsulo:
Ndilowepo pa mbali ya chitsulo, poti ndiyo ntchito yomwe ndakalambira. A Sajeni atchula bomba logwera panjira. Lilipo lina loopsa kuposa limenelo: lophulikira mumpope momwemo.

Chigoba chija pochiomba chimalandira kukankha koopsa m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Chitsulo chikakhala ndi kamng'alu kosaoneka ndi maso, kapena TNT pomuthira anasiya kamphako m'kati pozizira, bomba limaphulika lisanatuluke. Mzinga umang'ambika ngati nsungwi, ndipo anthu onse ouzungulira amapita. A ku France zinawaonekera mu 1915 ndi mzinga wawo wotchuka wa 75 mm. Mabomba atawathera kumapeto kwa 1914, boma linagawa ntchito kwa aliyense wokhala ndi makina osemera zitsulo, ngakhale amene sanapangepo chida cha nkhondo. Pofuna changu, analola kuti zigoba azichita kuboola kuchokera ku mipiringidzo yachitsulo m'malo mozisula monga kale, n'kufewetsanso malamulo oyezera. Mabomba anachulukadi. Koma mizinga mazanamazana inaphulika m'manja mwa eni ake chaka chimenecho.

Komanso pali lamba wa kopa wozungulira chigoba chakumunsi. Ndi amene amaluma mizere ya m'kati mwa mpope kuti bomba lizizungulira pouluka, ndiponso amatseka mpweya kuti usathawire m'mbali. Akakula pang'ono amadya mpope msanga. Akachepa, mphamvu imathawa. Tikunena za kusiyana kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi. Munthu wogwira makina amene wagwira maola 12, bwana ali pamsana kufuna nambala, geji yoyezera itaperepeseka, adzalakwitsa basi. Si ufiti, ndi kutopa.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Achimwene osula zitsulo, mwandilumikizira chingwe chomwe chimandisowa. Chifukwa mabomba osaphulika a ku Somme anabadwa kuchokera ku njala ya mabomba ya 1915. Nkhondo isanayambe, akuluakulu ambiri ankayesa itha m'miyezi yochepa. Pofika mu Meyi 1915, asilikali a Britain atalephera ku Aubers Ridge, ku France, pa 9 Meyi, mkulu wawo Sir John French anadandaula kwa mtolankhani Charles Repington, ndipo pa 14 Meyi nyuzipepala ya The Times inalemba kuti kusowa kwa mabomba amphamvu ndiko kwalepheretsa chipambano. Dziko linatekeseka. Mwezi womwewo boma la nduna yaikulu Asquith linakakamizika kulowa mumgwirizano ndi otsutsa, ndipo David Lloyd George anapatsidwa unduna watsopano woona za zida zokha.

Iyeyu anagwira ntchito, tisamunamizire. Anamanga mafakitale aboma, analemba amayi ntchito, anaitanitsa katundu ku America kudzera ku banki ya J.P. Morgan, komanso ku Canada. Koma zonsezi zinali za liwiro. Chigoba cha ku Pennsylvania, fyuzi ya kwina, kuthira zophulika ku England, oyeza ochepa. Panali mizinga ina yomwe mafyuzi ake ankaguluka bomba lili m'mlengalenga. Kuonjezera apo, ambiri mwa mabomba a ku Somme anali a mtundu womwaza timipira tachitsulo, wabwino popha anthu ali pamtetete koma wosathandiza pa mapanga akuya. Fyuzi yodula waya bwinobwino, ya nambala 106, yomwe inkaphulika ikangokhudza nthaka, inafala mu 1917. Kwa anyamata a pa 1 Julayi aja inabwera mochedwa ndi chaka.

Mayi a Mapasa:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Abambo inu mukukamba za mizinga, ine mtima wanga uli pa manja omwe ankadzaza mabombawo. A Mphunzitsi mwangodutsapo kuti analemba amayi ntchito. Amayi amenewo TNT ankawalowa m'thupi mpaka khungu kusanduka lachikasu, ena chiwindi n'kuonongeka, n'kumwalira. Pa fakitale ya ku Barnbow, kufupi ndi Leeds ku England, mu Disembala 1916 kunaphulika usiku, amayi 35 anafa, ndipo nkhaniyo anaibisa chifukwa cha nkhondo. Pa fakitale ya ku Chilwell, ku England komweko, pa 1 Julayi 1918 anafa anthu 134, ambiri mwa iwo osazindikirika n'komwe, anawaika m'manda amodzi. Nduna ikaima n'kunena kuti tichulukitsa mabomba kawiri, pali mayi wina amene aonjezere maola pafupi ndi imfa.

Ndipo losaphulika lija silifa, limangogona. Alimi a ku Belgium ndi kumpoto kwa France mpaka lero amafukula mabomba a nkhondo imeneyo polima, n'kuwaika m'mphepete mwa munda kuti asilikali odziwa kuwaononga adzatenge. Zaka zoposa 100 zapita! Ndiye mwana wanga Kamnyamata, ukamati theka losaphulikalo lilibe kanthu, ukumbukire kuti lagona m'minda ya tirigu ya ku Ukraine, ndipo adzalipeze ndi mwana amene lero sanabadwe.

Kamnyamata:
Mayi, apo ndilibe mawu. Sindinaganize za mbali imeneyo.

Wowerengera Chuma:
Ndiike manambala a masiku ano, chifukwa akufanana kwambiri ndi zomwe a Mphunzitsi afotokoza. Nkhondo ya ku Ukraine isanakule mu 2022, America inkapanga mabomba a 155 mm pafupifupi 14,000 pamwezi. Ku Ukraine mulu umenewo unkatha m'masiku ochepa. Zigoba zambiri zinkachokera ku fakitale yakale ya ku Scranton, ku Pennsylvania, n'kupita ku Iowa kukathiridwa zophulika. Dziko lolemera chotero, koma njira yake yopapatiza chonchi.

Mu Malichi 2023 mayiko a European Union analonjeza mabomba 1 miliyoni m'miyezi 12. Miyeziyo itakwana anali atapereka pafupifupi theka, ndipo anamaliza chakumapeto kwa 2024. Mtengo nawo unathawa. Mu Okutobala 2023 Admiral Rob Bauer wa NATO, mgwirizano wa asilikali wa America ndi mayiko a ku Ulaya, ananena poyera kuti bomba lomwe linali mayuro 2,000 lafika pa 8,000. Ndalama zomwezo, mabomba ochepa kanayi.

Ndiye kunabwera nzeru ya a Czech. Mu Febuluwale 2024 ku Munich, mtsogoleri wa dzikolo Petr Pavel anati apeza mabomba 800,000 m'mayiko akunja kwa Ulaya, chongofunika ndi ndalama. Mayiko ogulitsawo sanafune kutchulidwa. Zinathandiza, koma kampani ina ya ku Czech yomwe inkagula nawo inanena kuti ambiri mwa katundu wochokera kutaliyo ankafunika kukonzedwa kaye asanatumizidwe kunkhondo.

Sajeni Wopuma:
Ndipo anthu asamaganize kuti 155 ndi 155 basi. Ukraine inalandira mizinga ya mitundumitundu: M777 ya ku America, PzH 2000 ya ku Germany, Caesar ya ku France, Krab ya ku Poland, pamwamba pa yawo yakale ya 152 mm ndi 122 mm ya nthawi ya Soviet Union. Bomba litha kulowa mumpope bwinobwino koma masamu ake ndi ena. Kuli konse kochokera kuli ndi tebulo lake la kaombedwe. Ngakhale a fakitale imodzi, timayang'ana nambala ya gulu lomwe anapangidwira limodzi, ndipo woomba wanzeru sasakaniza magulu pa chandamale chimodzi. Tsono taganizani mnyamata ali m'nkhalango usiku, drone ili pamutu, galimoto yamutsitsira mabomba a mayiko atatu. Akaphonya ndi loyamba ayenera kuombanso, ndipo akachedwa pamalo amodzi mdani wamupeza. Bomba lokayikitsa limakusunga pamalo nthawi yaitali, ndiyo imfa ya woomba mzinga masiku ano.

Wosula Zitsulo:
Onjezanipo kuti mpope nawo uli ndi moyo wake. Ukaomba masauzande angapo umaperepeseka m'kati, n'kuyamba kumwaza. Ngati pofuna kugunda nyumba imodzi ukuomba khumi m'malo mwa atatu, mpope ukutha katatu msanga. Kupanga mpope n'kovuta kuposa kupanga bomba.

Kamnyamata:
Funso lina ndiye. Bwanji osangomanga mafakitale ambiri? Chitsulo chilipo padziko lonse.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Chitsulo si chimene chimasowa kwambiri, mphwanga. Ndi za m'katimo. Mu 1914 zophulika zinkadalira mchere wa nitrate wochokera ku Chile. Zombo za Britain zitatseka nyanja, Germany ikanagwada msanga pakanapanda njira ya Fritz Haber ndi Carl Bosch yotenga nitrogen mumpweya, yomwe fakitale yake yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913. A Britain nawo anasowa mankhwala a acetone opangira onga wawo, mpaka katswiri Chaim Weizmann anapeza njira yowapangira powiritsa chimanga ndi tizilombo tosaoneka, ndipo mu 1917 ana asukulu anatumidwa kukatola nthanga za mitengo kuti zithandizire.

Lero onga umapangidwa kuchokera ku timaubweya ta thonje totsalira pa njere, ndipo tambiri timachokera ku China. TNT ku European Union ankapangidwa mochuluka pa fakitale imodzi yokha, ku Bydgoszcz, ku Poland, ndipo America inasiya kupanga wake m'ma 1980 n'kumagula kunja. Fakitale ya mankhwala oopsa chonchi siimangidwa ndi miyezi iwiri, komanso palibe amafuna ikhale kuseri kwa nyumba yake.

Wowerengera Chuma:
Komanso eni makampani amafunsa kuti nkhondo ikatha mawa, fakitaleyi ndidzaitani? Amafuna kontilakiti ya zaka zambiri asanaike njerwa. Kampani ya zida ya ku Germany ya Rheinmetall inayamba kumanga fakitale yatsopano ku Unterlüß, kwawo komweko, mu Febuluwale 2024, patatha zaka ziwiri nkhondo ili m'kati.

Pomwe pali njala ndi ndalama zambiri, madobadoba sasowa. Ndipo tisaloze chala North Korea yokha. Chakumapeto kwa 2024 ku Ukraine komweko kunabuka mkangano waukulu pa mabomba a mortar a 120 mm opangidwa m'dziko momwemo. Asilikali ankajambula mavidiyo akuonetsa mabomba okanirira mumpope ndi ena ogwera pafupi. Masauzande ambiri anabwezedwa, ndipo pambuyo pake anthu ena anamangidwa. Kupanga wekha si chitsimikizo ngati woyeza wapatsidwa kangachepe kapena akuopa kuuza bwana kuti gulu lonseli n'lotaya.

Mayi a Mapasa:
Chimene chimandiwawa n'chimenecho. Wosaina pepala kuti katundu ali bwino amagona kunyumba kwake. Wotsegula bokosi ndi mwana wa wina.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Za kudalira kunja, chitsanzo chowawa kwambiri kwa ine ndi Russia ya 1915. Njala ya mabomba itawagwira, Ajeremani anaboola ku Gorlice ndi Tarnów, komwe lero ndi ku Poland, mu Meyi, ndipo pofika mu Ogasiti Warsaw inali itapita. Mizinga ya Russia inkapatsidwa mabomba owerengeka patsiku pomwe anzawo akuwakhuthulira ngati matalala. Boma la mfumu linaika maoda akuluakulu ku Britain ndi ku America, koma katundu ankachedwa kwambiri. Wofikayo ankaunjikana padoko la Arkhangelsk, lomwe limaundana ndi chisanu miyezi ingapo pachaka ndipo njanji yake inali yaing'ono, kapena ku Vladivostok, kutsidya lina la dziko. Wina sanachoke n'komwe: mu Januwale 1917 fakitale ya ku Kingsland, ku New Jersey, yomwe inkakonza mabomba a Russia, inapsa ndipo pafupifupi 500,000 anaphulikira komweko. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka.

N'zodabwitsa kuti patatha zaka zoposa 100, katundu akudutsanso njira yofananayo. Mu Okutobala 2023 a boma la America ku White House anati makontena oposa 1,000 achoka ku North Korea pa zombo kupita kum'mawa kwa Russia, kenako pa sitima yapamtunda kudutsa dziko lonselo. Ndipo miyezi ingapo izi zisanachitike, mu Meyi, Yevgeny Prigozhin, mkulu wa gulu la asilikali aganyu a ku Russia la Wagner, anali ataima pakati pa mitembo ya anthu ake kufupi ndi Bakhmut, ku Ukraine, akukalipira akuluakulu a asilikali a Russia, Shoigu ndi Gerasimov, pa nkhani ya mabomba yomweyi. Mwezi wotsatira anawagalukira.

Kamnyamata:
Ndamva zonse, ndipo ndasintha pang'ono. Koma ndinenebe chilungamo: ndikanakhala mkulu wa asilikali, nkhokwe ili mbee, wina n'kundipatsa mabomba okayikitsa, ndikanalandira. Sindingauze anthu anga kuti dikirani abwino akubwera chaka chamawa.

Sajeni Wopuma:
Nanenso ndikanalandira, mphwanga. Koma ndikanayamba ndaombako angapo pa gulu lililonse kumalo oyesera, ndikanalemba masamu ake apadera, ndipo sindikanawaombera pamwamba pa mitu ya anzanga. Choipa n'kubisa. Woomba akauzidwa zoona amadziwa chochita.

Mayi a Mapasa:
A Sajeni, ndifunse chomwe chakhala chikundivuta kuyambira mutafotokoza za mnzanu uja. Nanga bomba likakanirira mumpope, losatuluka, mumatani? Mumangothawa?

Sajeni Wopuma:
Ayi mayi, mfutiyo ikufunikabe, ndiye wina ayenera kulitulutsa. Pa mortar, woomba amakuwa kuti lakana, ena onse amapita kumbuyo. Amagogoda mpope kuti mwina langokodwa panjira. Likapanda kutuluka mumadikira kaye, chifukwa pena onga umachedwa kuyaka. Mphindi imeneyo ndi yaitali kuposa ina iliyonse yomwe ndinakhalapo. Kenako mumakhudza mpope kuona ngati wazizira. Mukatero awiri amabwerera. Mmodzi amamasula mpope kumunsi n'kuyamba kuukweza pang'onopang'ono, ndipo akangoyamba saloledwa kuutsitsanso. Winayo amaima chammbali, manja awiri atazinga kukamwa kwa mpope, osatseka pakati, kudikira. Umalimva likutsetsereka m'katimo, chitsulo kukhula chitsulo. Limatulukira mphuno, fyuzi patsogolo, ndipo uyenera kuligwira pathupi osakhudza fyuziyo. Ukaligwira umalinyamula ngati khanda kukaliika padzenje lomwe munakumbiratu kutali.

Ine ndinagwirapo kanayi. Atatu mwa anayiwo anali a m'mabokosi a penti watsopano aja.